Chopangidwa ndi Munthu Chimamvera Yani?

Mlombwa ukakana kupalidwa mobwerera, mmisiri wa matabwa sadabwa. Amadziwa kuti mtengowo sanaulenge ndi iye. Anaupeza uli kale ndi mizere yake, ndipo ntchito yake ndi kuitsata. Chimene chimandisowetsa mtendere ine ndi china. Ndimagwira ntchito ndi chinthu chimene sichinamere m'nkhalango iliyonse, sichinakumbidwenso m'phiri lililonse. Ndimapanga zikwangwani mu mzinda wa Blantyre, ndipo masiku ambiri ndimakhalira kudula, kupinda ndi kuboola acrylic, chinthu choonekera mkati chija chimene tonse timangochitchula kuti Perspex. Chimenechi n'chopangidwa ndi anthu. Mayina a amene anachipanga tikuwadziwa, zaka zake tikuzidziwanso. Komabe chili ndi malamulo ake amene palibe munthu anawakhazikitsa, ndipo palibe amene angawafafanize. Ngati tinachipanga ndife, nanga chimamvera yani?

Ndine mkhristu, ndipo ndatumikira pa mpingo wathu kuyambira unyamata, koma funsoli silindipeza ndili m'tchalitchi. Limandipeza pa ntchito, nthawi iliyonse ndikamasankha kachitsulo koboolera kamene timamanga ku drill, kaja amisiri timati biti. Choncho mundilole ndiyambe ndi za chitsulozo, pakuti amene sanaonepo Perspex akung'aluka m'manja mwake sangamve kulemera kwa zimene ndikufunsa.

Biti imene mungagule m'sitolo ya hardware ku Limbe kapena ku Ginnery Corner inapangidwira chitsulo. Kapangidwe kake kopotana n'kakale ndithu: Stephen Morse wa ku America anakalembetsa mu 1863, ndipo mpaka lero sikanasinthe kwenikweni. Nsonga yake imatseguka madigiri 118, ndipo milomo yake iwiri yodulira inapendekera kutsogolo kuti iziluma. Pa chitsulo kulumako n'kofunika, chifukwa chitsulo n'cholimba, chimaibweza biti, ndipo biti imangodya pang'onopang'ono. Tsono ikani biti yomweyo pa Perspex. Poyamba zonse zimaoneka ngati zikuyenda. Koma Perspex alibe mphamvu yoibweza, ndiye biti imaluma mopitirira, n'kuyamba kudzikokera yokha mkati mofulumira kuposa mmene dzanja lanu likufunira. Choopsa chimadza kumapeto, nsonga ikatsala pang'ono kutulukira kuseri. Kakhungu kotsalako kamabooka nthawi imodzi, milomo ija imakola m'mbali mwa bowo, chidutswa chonse chimakwera ndi biti, mumangomva kuti tswa! Mng'alu wachoka pa bowo, wathamangira kumphepete. Palibe guluu amene angaubise, poti maso amaona mpaka mkati. Sheet imene munaigula modula, yoitanitsa kunja pa nthawi imene ndalama zakunja zikusowa, yathera pomwepo.

Biti yoyenera Perspex imasiyana ndi inzakeyo m'zinthu ziwiri. Nsonga yake ndi yosongoka kwambiri, pakati pa madigiri 60 ndi 90, kuti ikafika kuseri itulukire mwapang'onopang'ono, bowo likukula mwadongosolo m'malo mobooka lonse kamodzi. Chachiwiri ndi chimene anyamata ophunzira ntchito amavutika kuchikhulupirira: milomo yake anaibunthitsa dala. Siiluma, imapala. Mabiti otere sapezekapezeka m'masitolo mwathu, ndiye timadzikonzera tokha. Timatenga biti ya chitsulo n'kuigunditsa pang'ono chabe pa mwala wa grinder, mlomo uliwonse pawokha, mpaka pa mlomopo patuluke kamalo kosalala kosakwana ndi milimita imodzi yomwe. Milomo yonse iwiri ifanane, apo ayi bowo lituluka lalikulu kuposa mmene mumafunira, m'mbali mwake muli mokhakhala. Ndikamaliza ndimaipaka penti wofiira kuchigwiriro, kuti aliyense pa shopu adziwe kuti iyi ndi ya Perspex basi.

Pa sheet zopyapyala, za mamilimita 3 kapena kuchepera apo, biti ya masitepe ija, yoonda kunsonga n'kumakula kumtunda, imagwira bwino kwambiri, chifukwa imakuza bowo sitepe ndi sitepe ndipo siidzikokera mkati. Biti ya matabwa yokhala ndi kansonga pakati ndi timano m'mbali ine sindiikhulupirira. Timanoto timabenthula m'mphepete mwa bowo. Bowo lalikulu limafuna hole saw, liwiro lochepa ndi madzi. Ndipo biti ikhale yabwino bwanji, pansi pa Perspex payenera kukhala thabwa losalala, zonse ziwiri zitapanidwa zolimba, kuti nsonga ikatuluka ilowe m'thabwa osati m'malere. Mukamayandikira kuseri, dzanja lipepuke.

Pali chizindikiro chimodzi chimene chimandiuza kuti ndikuyenda bwino. M'bowo mumatuluka timizere tiwiri ta zopalidwa, topotana, tosaduka, kamodzi pa mlomo uliwonse wa biti. Zopalidwazo zikayamba kumatirira ngati phula, ndiye kuti mwatentha. Perspex amayamba kufewa kutentha kukafika cha m'ma madigiri 100, ndipo iye sataya kutentha msanga monga chimachitira chitsulo, choncho moto wonse umatsalira m'bowo momwemo. N'chifukwa chake timatulutsa biti pafupipafupi kuti zopalidwa zichoke, n'kumadonthezera madzi osakaniza ndi kasopo pang'ono. Madzi ndi sopo basi. Petulo, thinners kapena sipiriti zisayandikire, ndipo chifukwa chake ndichifotokoza patsogolopa.

Ngakhalenso Perspex yemweyo ali wa mitundu iwiri, ndipo mmisiri wosafunsa pogula amadziputira mavuto. Wina amatchedwa cast. Popanga ameneyu amathira mankhwala amadzi pakati pa magalasi awiri, n'kuwasiya aume pang'onopang'ono mu kutentha koyezedwa, kwa maola ambiri, ndipo wokhuthala kwambiri amatenga masiku. Winayo amatchedwa extruded: amasungunula timibulu ta pulasitiki n'kutikankha pa makina, sheet n'kumatuluka mosalekeza. M'maso amafanana. Koma cast amapalika bwino, sasungunuka msanga, ndipo alibe kukokana kwambiri mkati mwake. Extruded ndi wotsika mtengo, makulidwe ake amafanana bwino ponseponse, koma pa biti amafewa msanga n'kumata, ndipo mankhwala amamung'alula mosavuta. Ine pa ntchito yofuna mabowo ambiri ndimagula cast, ngakhale kasitomala adandaule za mtengo.

Zonsezi ndi malamulo. Sindinawalembe ine, ndipo aphunzitsi anga sanawalembe. Amene ankayenera kuwalemba, tingaganize, ndi eni ake amene anapanga chinthuchi. Otto Röhm, katswiri wa mankhwala wa ku Germany, analembetsa dzina la Plexiglas mu 1933. Ku Britain, kampani ya ICI, kumene John Crawford anapeza njira yopangira mankhwala ake mochuluka, inalembetsa dzina la Perspex mu 1934. Njira ya Crawford inkagwiritsa ntchito acetone ndi cyanide, poizoni woopsa uja, ndipo kuchokera mu zimenezo munatuluka chinthu choyera mbee, cholola kuwala kudutsa pafupifupi magawo 92 pa 100 alionse, cholemera theka chabe la galasi. Anthu amenewa anali anzeru, ndipo ndimawalemekeza. Koma palibe tsiku limene anakhala pansi n'kugwirizana kuti chinthu chathuchi chizing'aluka ndi biti ya madigiri 118, chizifewa pa madigiri 100, chizitambasuka padzuwa kuposa galasi. Akanakhala ndi mphamvu yosankha, akanasankha kuti chizibooledwa ndi biti iliyonse, chifukwa chikanagulidwa kwambiri. Anasakaniza zimene anazipeza, ndipo chitatuluka anayamba kuchiphunzira monga mmene ine ndikuchiphunzirira. Anayenera kuphwanya zidutswa zambiri kuti adziwe khalidwe la chimene anachipanga okha.

Mphwanga wina, mwana wa mlongo wanga, anaphunzira za uinjiniya ku Polytechnic, imene tsopano ikutchedwa MUBAS. Iyeyu za tchalitchi anazisiya, ndipo timakambirana momasuka. Nditamufotokozera maganizo angawa anandiyankha mwaulemu koma mosabisa. "Amalume," anatero, "apa palibe chodabwitsa. Mkati mwa cast muli maunyolo ataliatali a tizinthu tosaoneka, olukanalukana, ndipo mu extruded maunyolowo ndi aafupi. N'chifukwa chake wina amapirira, wina amasungunuka msanga. Inu mukuika Mulungu pamalo pamene sayansi inayankha kale."

Zimene ananena za maunyolo n'zoona, ndipo zinandithandiza kumvetsa chimene manja anga ankachidziwa kale. Sindili m'gulu la akhristu amene amaopa kufotokozera kwa sayansi ngati kuti kukulanda Mulungu malo. Koma yankho lake silinatseke funso langa, linangolisunthira pansi. Maunyolo aatali amapirira kutentha kuposa aafupi, chabwino. Nanga anagamula zimenezo ndani? Röhm ayi. ICI ayi. Mukafotokoza lamulo limodzi ndi lamulo lina lakuya, mwangopeza lamulo linanso limene simunalilembe. Kumbani mpaka pamene mungathe, simupeza pamene dzanja la munthu linasainira. Ndinamuuza kuti, "Iwe, ine sindikunena kuti biti yanga yatsimikiza kuti Mulungu alipo. Munthu angathe kuona zonsezi n'kunena kuti malamulowa angokhalapo okha, opanda mwini. Koma chimodzi sungachikane: mwini wake si iwe, si ine." Apo anavomera. Pamene tasiyana ndi pakuti iye amaima pomwepo, ine ndimapitirira n'kunena kuti dongosolo lokhulupirika chonchi, losasintha Lolemba ndi Lachisanu, ku Germany ndi ku Ndirande, lili ndi Mwini wokhulupirika. Sitepe yomalizayi ndi chikhulupiriro, ndipo sindiibisa pansi pa dzina la umboni.

Pali nkhani imodzi imene imandilimbitsa pa maganizo amenewa kuposa zonse. Pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, Perspex ankapangira zivundikiro zoonekera za ndege zankhondo monga Spitfire ndi Hurricane. Ndege zikawomberedwa, tizidutswa ta Perspex tinkalowa m'maso mwa oyendetsa. Dokotala wa maso wa ku London, Harold Ridley, anaona chinthu chachilendo: diso silinkalimbana nato tizidutswato monga limachitira ndi zinthu zina zachilendo. Tinkangokhala m'menemo phee. Kuchokera apo anaganiza kuti munthu wochotsedwa ng'ala angathe kuikidwa kagalasi ka Perspex mkati mwa diso, ndipo pa 29 Novembala 1949, pa chipatala cha St Thomas', anachita opaleshoni yoyamba ya mtundu umenewu. Madokotala anzake ambiri anamutsutsa kwa zaka zambiri, koma lero njira yake ndiyo ikugwiritsidwa ntchito dziko lonse. Kuyambira mu 1992 kampani ya Aurolab ya ku Madurai, ku India, yakhala ikupanga timagalasi totere pa mtengo wotsika, ndipo m'mayiko osauka tambiri mwa timagalasi timeneti tidakali ta acrylic wolimba yemweyu. Agogo amene achotsedwa ng'ala ku Nkhoma kapena ku chipatala cha maso cha Lions kuno ku Blantyre, n'kubwerera kumudzi akuona adzukulu awo, ali m'mzere wa nkhani imeneyi.

Tsono taganizani. Amene ankapanga Perspex mu 1934 ankafuna cholowa m'malo mwa galasi. Za diso la munthu sankaziganiza n'komwe. Ubale umenewu pakati pa pulasitiki ndi mnofu wa diso unalimo kale m'chinthucho, kudikira wina kuti auone, ndipo unaonekera kudzera m'mabala a nkhondo. Ridley sanauikemo. Anaupeza. Ine ndikamva nkhaniyi sindinena kuti nkhondo inali yabwino, kapena kuti anyamata aja anavulala kuti agogo athu aone. Maganizo otero ndimawakana, chifukwa amapeputsa kuvutika kwa anthu. Chimene ndimanena n'chakuti ngakhale m'zopanga zathu muli mphatso zimene sitinaziikemo, ndipo munthu amene walandira chimene sanachipange ayenera kukhala ndi wina womuthokoza.

Koma amene amandivuta kwambiri pa nkhaniyi si osakhulupirira ayi. Ndi abale anga m'chikhulupiriro. Masiku ano mipingo yambiri ikufuna gome lolalikirapo loonekera mkati, ndipo ambiri mwa magome amene anthu amati ndi a galasi ndi a Perspex. Tsiku lina akuluakulu a mpingo wina anandibweretsera gome lotere, lopangidwa kwina, lili ndi ming'alu yotuluka pa bowo lililonse la screw. Abusa awo anali atauza mpingo kuti imeneyi ndi ntchito ya mdani, chifukwa gomelo linang'aluka lokha, usiku, popanda wolikhudza. Anali atalipempherera, atalidzoza mafuta. Anthu amenewa sanali opusa, ndipo mantha awo anali enieni: chinthu chopatulika chaphwanyika popanda dzanja looneka.

Nditaliyang'ana ndinaona zinthu zitatu. Mabowo anaboola ofanana ndendende ndi screw, opanda mpata. Perspex amatambasuka ndi kutentha pafupifupi mamilimita 0.07 pa mita iliyonse pa digiri iliyonse, kutanthauza kuti chidutswa cha mamita 2 chikachoka mu kuzizira kwa m'mawa wa Juni n'kufika mu kutentha kwa masana a Okutobala pansi pa malata, kusiyana kwa madigiri 30, chimatalika mamilimita oposa 4. Chitsulo chimene chamangidwapo sichitalika choncho, ndiye bowo likapanda mpata Perspex amakankhana ndi screw mpaka china chigonje. Chachiwiri, anagwiritsa ntchito screw za mutu wosongokera pansi, zolowa m'kati kuti pamwamba pasalale, n'kuzimanga zolimba. Mutu wotero umakankhira m'mbali, kutanula bowo. Chachitatu ndinachita kufunsa: "Kodi gomeli mumalipukuta ndi chiyani?" Mayi mmodzi wa chigwirizano anayankha kuti Loweruka lililonse amalipukuta ndi sipiriti kuti liwale. Bowo loboola motentha limatsala ndi kukokana m'mbali mwake, kosaoneka ndi maso, ndipo kungathe kukhala choncho miyezi. Sipiriti kapena thinners zikafikapo, timing'alu tating'onoting'ono timayamba pomwepo n'kumakula. Mayiwo ankatumikira Mulungu ndi mtima wonse, ndipo chikondi chawocho n'chimene chinamalizitsa zimene mmisiri anaziyamba.

Ndinawafotokozera abusawo mwaulemu. "Abusa," ndinatero, "mdani alipo, sindikukana. Koma pano sanavutike kubwera. Gomeli lamvera malamulo amene Mulungu yemwe mumamulalikirayo analiikira." Anakhala chete kanthawi, kenaka anafunsa ngati chikhulupiriro sichiposa malamulo a zinthu. Kodi Mulungu sanapatse munthu ulamuliro pa dziko lapansi? Funso lawolo silopepuka, ndipo lili ndi maziko m'chaputala choyamba cha Genesis. Chiphunzitso chakuti mkhristu angathe kulamula zinthu ndi pakamwa, kulamula ndalama, kulamula matenda, kulamula galimoto yopanda mafuta, chafala kwambiri pakati pathu, ndipo chimakoka anthu chifukwa ambiri atopa ndi kukhala opanda mphamvu pa chilichonse. Ndimawamvetsa. Koma ndikuona kuti chimalakwitsa tanthauzo la ulamuliro.

Chaputala chachiwiri cha Genesis chomwecho chimaika munthu m'munda kuti aulime ndi kuusunga, ndipo wolima aliyense amadziwa kuti salamula mbewu, amaiphunzira. Ndime imene ndimaikonda kwambiri pa nkhaniyi ili kumapeto kwa Yesaya 28. Mneneri akufotokoza za mlimi amene sapuntha mbewu zonse ndi chida chimodzi: timbewu tating'ono monga chitowe amatipuntha ndi kandodo, sayendetsapo gudumu la ngolo limene limayenera mbewu zolimba. Ndipo mneneriyo akuti nzeru yosiyanitsa zidayi mlimi amaphunzitsidwa ndi Mulungu wake. Onani pamene Mulungu akuonekera m'ndimeyi. Sakusintha chitowe kuti chipirire gudumu chifukwa mlimi ndi wopemphera. Akuphunzitsa mlimi kusankha ndodo. M'buku la Eksodo, Bezaleli akudzazidwa ndi Mzimu wa Mulungu, ndipo chotsatira chake ndi luso losula golide, siliva ndi mkuwa, kusema miyala ndi mitengo. Mzimu sunamuchotsere kufunika kodziwa mmene mkuwa umasungunukira. Unamupatsa kudziwako.

Ndimaganizanso za Ambuye Yesu mwini, amene anthu a kwawo ku Nazarete ankamudziwa monga mmisiri. Anayamba utumiki wake ali ndi zaka pafupifupi 30, ndiye kuti zaka zambiri za moyo wake anazithera pa ntchito ya manja. Mauthenga Abwino anayi aja satiuza za chozizwitsa chilichonse cha pa benchi la ukalipentala. Yohane akuti chizindikiro choyamba chinachitika ku Kana. Ine ndimakhulupirira kuti Iye amene zonse zinalengedwa mwa Iye ankanola zida zake, ankayeza asanadule, ankatsata mizere ya thabwa monga mmisiri wina aliyense. Ndipo pamene woyesa anamuuza kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa Kachisi poti angelo amugwira, anakana, n'kunena kuti kumeneko n'kuyesa Mulungu. Amene amaika biti ya chitsulo pa Perspex, n'kupemphera kuti asang'aluke, akupempha chimene Yesu anakana kupempha.

Zozizwitsa ndimazikhulupirira. Mwini malamulo angathe kuchita chimene afuna. Koma chozizwitsa n'chake, amachipereka pamene wafuna. Si ngongole imene ali nayo kwa mmisiri waulesi. Ndipo pali chifundo chachikulu m'kusasintha kwa zinthu, chimene sitichiyamika mokwanira. Perspex akanati azing'aluka kwa ochimwa okha n'kumapirira kwa olungama, palibe akanaphunzira ntchito, palibe akanaphunzitsa mnzake, ndipo aliyense wophwanya sheet tikanamuyesa mfiti kapena wotembereredwa. Tili kale ndi chizolowezi chofuna munthu womuloza chala chinthu chikaonongeka, ndipo agogo ambiri m'midzi mwathu avutika nacho chizolowezi chimenechi. Kudziwa kuti mng'alu uli ndi chifukwa chake chimene tingachiyeze ndi rula kumamasula anthu osalakwa. Pa mpingo uja panali kale manong'onong'o a amene anatsala yekha m'tchalitchi usiku umenewo.

Sindikubisa kuti mbali ina ya nkhaniyi imawawa. Lamulo lomwelo losakondera silimva chisoni. Mnyamata wosauka amene wasonkhanitsa ndalama miyezi kuti agule sheet yake yoyamba, akalakwitsa biti, imang'aluka chimodzimodzi ndi ya munthu wolemera amene angagule ina mawa. Perspex safunsa kuti kunyumba kuli ufa kapena ayi. Pamenepa chilengedwe chilibe yankho, ndipo sindikuganiza kuti Mulungu anafuna kuti yankho lichokere kumeneko. Anaika chifundo m'manja mwa anthu. Amene akudziwa auze amene sakudziwa, sheet isanaphwanyike. N'chifukwa chake ndimadana ndi khalidwe la amisiri ena obisa luso, amene amanola biti atatembenukira kukhoma kuti wophunzira asaone. Nzeruyo sanailenge iwo. Anaipeza, monga Ridley, monga mlimi wa m'buku la Yesaya, ndipo alibe ufulu woitsekera m'thumba. Mnyamata aliyense wobwera pa shopu yanga ndimamupatsa zidutswa zotsala, biti ya chitsulo ndi biti yofiira, kuti aboole ndi zonse ziwiri, amve yekha m'dzanja kusiyana kwake, asanakhudze katundu wa kasitomala.

Palinso za chikumbumtima. Bowo loboola mothamanga, lotentha, lopanda mpata, limaoneka bwinobwino tsiku lopereka katundu. Kasitomala amalipira, amathokoza, amapita. Mng'alu umadzabwera patapita miyezi, ndipo nthawi imeneyo mlandu umagwera dzuwa, wopukuta, ana, kapena mdani. Mmisiri yekha ndiye amadziwa zimene anachita, ndipo palibe khoti limene lingamugwire. Choncho mphindi zimene ndimathera ponola biti, podonthezera madzi, pokuza bowo kuti screw ipume, poika washala wa labala ndi kumanga mosafinya, poonetsetsa kuti bowo latalikira kumphepete, palibe amandilipira pa zimenezo, ndipo palibe adzaziona. Ndimazichita pamaso pa Mulungu, ndipo ndimaziwerengera m'gulu la kupembedza, pamodzi ndi nyimbo ndi chopereka. Ndikamapemphera m'mawa ndisanayatse makina, sindipempha kuti Perspex asinthe khalidwe lake chifukwa cha ine. Ndimapempha maso oona, dzanja lodekha, ndi mtima wosanyenga munthu amene sangathe kundigwira.

Ulamuliro umene munthu anapatsidwa ndi weniweni. Tatenga poizoni n'kupanga chinthu chobwezera akhungu kuona. Zimenezo si zazing'ono. Koma ndi ulamuliro wa kapitawo m'munda wa mwini, ndipo umagwira ntchito pokhapokha kapitawoyo atayamba wamvera mmene mundawo unaikidwira. Mphwanga amati malamulowo alibe mwini, abusa aja ankaganiza kuti wokhulupirira angawalumphe, koma onse awiri akaima pa drill yanga ayenera kutenga biti yofiira yomweyo.

Gome lija ndinalikonza podula mbali zong'alukazo n'kuika zatsopano za cast, mabowo okulirapo, mabawuti a mutu wosalala pansi ndi mawashala. Kwa inu akuluakulu a mipingo, a masukulu ndi a maofesi amene mukufuna kugula gome kapena chikwangwani chotere, funsani mmisiri wanu ngati Perspex wakeyo ndi cast kapena extruded, muuzeni akuonetseni biti imene aboolere, ndipo gwedezani screw muone ngati ili ndi mpata. Katunduyo akafika, auzeni amayi ndi achinyamata osamalira m'nyumbamo kuti azipukuta ndi kansalu kofewa, madzi ndi sopo, osati sipiriti.